A Dinani ndi Sitolo ya M'munsi mwa Chithunzi

Dzina loti a Dinani analipeza atakula kale, imvi zitayamba kutuluka m'mbali mwa makutu. Ankagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, ndipo analowapo ali mnyamata, nthawi imene kalaliki wabwino ankadziwika ndi zala zakuda ndi mapepala a kaboni. Makompyuta atabwera, anzawo ambiri anachoka, ena mwa kufuna kwawo, ena mochita kuperekezedwa mpaka pageti. Iwo anatsala chifukwa ankadziwa kuoneka otanganidwa. Ngakhale popita kuchimbudzi ankakwapatira fayilo, nkhope ili gwaa, moti munthu sankayerekeza kuwaimitsa kuti awapatse moni.

Ntchito yawo yeniyeni inali ya kumapeto kwa mwezi. Masitolo onse a kampani ankatumiza malipoti a simenti, malata, misomali ndi penti zimene agulitsa, ndipo a Dinani ankalowetsa zonsezo mu tebulo la pakompyuta, sitolo iliyonse ndi mzere wake. Pambali pa tebulolo pankatuluka matchati okhala ndi mizati, yobiriwira kwa amene agulitsa bwino, yofiira kwa amene agona. Vuto linali bwana wamkulu. Antchito ankawatchula bwanawo kuti a Mwachidule chifukwa sankalola munthu kumaliza chiganizo, ndipo fayilo ya matebulo sankaitsegula n'komwe.

"Manambala ngati nyerere, ndiwatani ine?" ankatero. "Nditumizireni chithunzi pafoni. Mwachidule."

Choncho a Dinani ankaima kutsogolo kwa kompyuta, foni m'manja, n'kumajambula sikirini. Zithunzizo zinkatuluka zopendekeka, zina zamizeremizere, zina kuwala kwa pawindo kutadya theka la tchati. Mwezi wina dazi lawo linaonekera bwinobwino pamwamba pa mzati wa malata, ndipo mamanijala a masitolo, amene ankalandira zithunzizo pagulu la pafoni, anayamba kufunsana kuti katundu wonyezimirayo wafika liti. Kujambulako kunkadya theka la sabata, kuphatikiza kutseka makatani, kupukuta galasi ndi kudandaula.

Amene anawachotsa m'mavutowa anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, yemwe ankakonza makompyuta ndi mafoni m'kashopu kena pafupi ndi depoti ya mabasi. Tsiku lina anaitanidwa kudzaona pulinta ya pakampanipo, ndipo anapeza a Dinani ataima pampando, foni italoza pansi.

"Alamu, pampandopo mukutani?"

"Ndikugwira ntchito. Ukajambula uli pamwamba kuwala sikulowa."

Mlamuyo anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenako anakhala pansi, n'kutsegula kawindo kena kamene a Dinani anali asanakaonepo chibadwire, n'kulembamo timizere ta Chingerezi todzaza ndi madontho.

"Iyi ndi makiro," anatero. "Ndi malangizo amene mumaisiyira kompyuta kuti ntchito yobwerezabwereza izichita yokha. Iziyenda tchati ndi tchati, lililonse n'kulisunga ngati chithunzi mufoda iyi. Tebulo nalonso izilikopera kuyambira mzere woyamba mpaka womalizawu, n'kulisandutsa chithunzi. Kachenjezo kachikasu kakatuluka pamwambapa muzingovomera. Ndakuikirani batani ili. Inu mungodina apa."

A Dinani anadina. Asanachotse n'komwe chala pa mausi, foda inali itadzaza zithunzi zoongoka, zowala bwino, zopanda dazi la munthu. Mlamu wawo anawonjezera kuti akadzaika mizere ina pansi pa tebulolo adzamuuze, poti makiroyo ikudziwa malire a lero okha. Koma a Dinani anali kukamwa yasa, maso ali pa zithunzi, ndipo mawuwo anangodutsa.

Madzulo anawafotokozera akazi awo.

"Zikomo Ambuye," anatero mayiwo. "Ndiye kuti kumapeto kwa mwezi muzifika kunyumba dzuwa likadalipo?"

"Mayi, za muofesi simuzidziwa. Bwana akamva kuti ntchito ya theka la sabata ikutha m'kamphindi, amene athe ndi ineyo."

Mwezi umenewo anatumiza zithunzi zatsopanozo chimodzichimodzi, china m'mawa, china masana, china mawa lake, kuti zioneke kuti zatuluka ndi thukuta. A Mwachidule anakondwa kwambiri. Anawaitana, n'kuwafunsa kuti luso limeneli analibisa kuti zaka zonsezi.

"Ndakhala ndikulemba pulogalamu, bwana, pang'onopang'ono, panthawi yanga yopuma."

A Dinani anapatsidwa kachipinda kawokawo kokhala ndi chitseko. Pachitsekopo anamatapo pepala lakuti zithunzi zikukonzedwa, osagogoda. M'katimo ankadina batani lija, n'kuthira tiyi, n'kufunyulula nyuzipepala mpaka tsamba la zotayika ndi zopezeka. Anagulanso magalasi, ngakhale maso awo analibe vuto. Mbiri yawo itafalikira, aliyense amene kompyuta yamuvuta ankabwera kwa iwo. Ankaimirira kumbuyo kwa munthuyo, manja kumbuyo, n'kuyang'anitsitsa sikirini kwa nthawi yaitali, kenako n'kuloza paliponse pamene paoneka ngati batani.

"Dinani apa."

Nthawi zina zinkatheka, nthawi zina kalata ya munthu inkafufutika yonse. Koma dzina linakhazikika, ndipo ngakhale alonda a pageti anaiwala dzina lawo la pachitupa.

Patapita nthawi kampani inatsegula sitolo ina kutsidya kwa mlatho, kumapeto kwa tauni. Anaitsegula ndi wachiwiri kwa bwana, a Mwachidule ali kunja kwa dziko, ndipo wachiwiriyo sanachedwe kusiya ntchito. Woyang'anira sitoloyo anali mayi wamtali, wosalankhulalankhula, amene anthu ankangowatchula kuti Mayi a ku Mlatho. Lipoti lawo loyamba litafika, a Dinani analilowetsa mumzere watsopano pansi pa ena onse, n'kudina batani. Makiro inajambula mpaka pamene inauzidwa kale, n'kuima. A Dinani sanaone kanthu, chifukwa zithunzi zawozo anali atasiya kalekale kuziyang'ana.

Pamsonkhano wa mwezi a Mwachidule ankaonetsa chithunzi cha tebulo pakhoma, n'kumatsika nacho mzere ndi mzere, kukalipira manijala aliyense mwa dzina la sitolo yake. Wofiira ankakalipiridwa chifukwa chogona, wobiriwira chifukwa chosabiriwira mokwanira. Mayi a ku Mlatho anakhala kumapeto kwa tebulo, zifukwa zawo atazikonza kale pakamwa. Bwana anafika pansi pa chithunzi, n'kutseka msonkhano. Mwezi wotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Atatuluka mumsonkhanomo, mayiwo anagogoda pachitseko choletsedwa chija.

"Bambo, sitolo yathu sikutuluka pachithunzi."

A Dinani anatsegula chithunzi, n'kutsegula tebulo, n'kuyerekeza.

"Aa, ndi kavuto kakang'ono ka m'kati mwa makina, mayi. Ndikonza sabata ino."

"Ndani wanena kuti mukonze?"

Mayiwo anatseka chitseko ndi chidendene, n'kuika jumbo la mapeyala patebulo.

"Chiyambireni ntchito m'masitolo ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Miyezi iwiriyi ndikugona tulo ngati khanda. Malipoti ndizitumizabe. Inu zilembani pomwe mukulembapo."

Kunena zoona, ngakhale akanafuna kukonza sakanatha. Kawindo ka timizere kaja sankadziwa ngakhale potsegulira pake. Kufunsa mlamu wawo kunalinso kovuta, chifukwa mlamuyo anali atamva kwa mlonda wina kuti a Dinani akuuza anthu kuti pulogalamuyo analemba okha, ndipo chimvereni ankawapatsa moni wa m'mphuno. Choncho a Dinani analandira mapeyalawo, n'kudziuza kuti akuthandiza munthu wodwala.

Mayi a ku Mlatho anasiya kubwera kumisonkhano, ndipo palibe anawafunsa. A kunkhokwe ankawatumizirabe katundu, poti iwo ankayendera mapepala awoawo. Mamanijala ena atazindikira, anayamba kufika kukachipindako mmodzimmodzi, wina ndi mazira, wina ndi nthochi, kulankhula motsitsa mawu.

"Akulu, m'munsi muja malo alipo?"

A Dinani ankavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. Ankadziwa kuti akatsitsa anthu ambiri chithunzi chikhala ndi mipata, bwana n'kudabwa.

"Nkhani yake ndi yovuta," ankatero. "Ndiiona."

Ndipo ankaionadi mwezi ndi mwezi, mazira akubwera. Akazi awo anafunsa kuti kodi kampani yasiya zomangira nyumba n'kuyamba ulimi, koma sanakane kukazinga.

Chaka chinatha, china n'kuyamba. Tsiku lina tayala la galimoto ya a Mwachidule linaphulika atangowoloka mlatho. Dalaivala ali kalikiliki ndi jeke, bwana anakweza maso n'kuona chikwangwani chachikulu chokhala ndi dzina la kampani yawo, mtundu wake womwewo. Anawoloka msewu osayang'ana uku ndi uku.

"Mwini wake pano ndani?"

"Takulandirani, bwana," anatero Mayi a ku Mlatho, akutsitsa chitini cha penti.

"Musandinyengerere. Ndani anakulolani kugwiritsa ntchito dzina la kampani yanga? Mukudziwa kuti uku ndi kuba? Ndiitana apolisi pompano!"

Mayiwo anangoloza kukhoma, pamwamba pa shelefu ya maloko, pomwe panapachikidwa chithunzi cha a Mwachidule eniake atavala suti, akumwetulira m'kati mwa fumbi. Dalaivala, amene anali atawatsatira, anawanong'oneza kuti sitoloyo ndi yawo, ndipo iye amabweretsako katundu nthawi zina.

M'mawa mwake a Dinani anapeza bwana atakhala kale pampando wawo m'kachipinda kaja.

"Mwachidule. Sitolo yanga munaiika kuti?"

"Ilipo, bwana. Ili m'munsi."

"M'munsi mwa chiyani?"

"Mwa chithunzi, bwana."

"Ikwezeni. Ndikudikira."

A Dinani anadina batani. Anadinanso, mwamphamvu. Anagwedeza mausi, n'kuuzira fumbi pa kiyibodi. Thukuta litafika pakolala anapempha kuti apite kaye panja pang'ono, ndipo ali kuseri kwa nkhokwe anaimbira mlamu wawo.

"Alamu, ndili pamoto."

"Pepani. Koma mwalakwitsa nambala. Amene analemba pulogalamu ija si ndinu?"

"Alamu, si nthawi yake ino. Ganizirani mlongo wanu."

"Mlongo wanga ndimamuganizira tsiku lililonse. Nenani kaye kuti analemba ndani."

A Dinani anayang'ana kumanja ndi kumanzere, n'kunena, motsitsa mawu. Mlamuyo anati foni ikudukaduka, abwereze. Anabwereza mokweza, mpaka wonyamula simenti wina anatembenuka. Apo m'pamene mlamuyo anawauza mabatani otsegulira kawindo kaja, ndi malo awiri pamene panali nambala ya mzere womaliza, pa tebulo ndi pa matchati. Kunali kungofufuta nambalayo n'kulemba yotsatira.

Atabwerera, a Dinani anauza bwana kuti ayenera kulowa m'kati mwenimweni mwa pulogalamu, ndipo ndi bwino asayandikire kwambiri. Anasintha manambalawo, n'kudina. Sitolo ya ku mlatho inatulukira pansi pa chithunzi. Mzati wake sunali wautali kuposa ina, sunalinso waufupi. Sitolo imene sinakalipiridwepo chitsegulireni inkagulitsa mofanana ndi zimene zinkakalipiridwa mwezi ndi mwezi.

A Mwachidule anauyang'ana mzatiwo kwa nthawi yaitali. Eni kampani anali kubwera mwezi womwewo, ndipo panalibe njira yachidule yowauzira kuti mkulu wawo anaiwala sitolo yathunthu, ya denga ndi antchito, kwa chaka ndi miyezi. Kuchotsa ntchito a Dinani kukanafuna kalata yofotokoza chifukwa chake.

"Nkhaniyi akuidziwa ndani?"

"Ine ndi inu, bwana," anatero a Dinani, osawerengera mamanijala onse, a kunkhokwe, alonda ndi mlamu wawo.

Sabata yotsatira kampani inalengeza kuti ikutsegula sitolo yatsopano kutsidya kwa mlatho. Anapaka penti khoma la kutsogolo lokha, anakhoma tenti, n'kumanga riboni pakhomo. Eni kampani anabwera ndi magalimoto awo. Amisiri a m'deralo, amene misomali ya m'matumba mwawo anaigula m'sitolo yomweyo dzulo lake, anaimitsidwa panja kuti adikire kutsegulira, ndipo anawomba m'manja mwaulemu a Mwachidule atanena kuti kampani yamva kulira kwawo. A Dinani anatchulidwa m'mawu a bwana ngati katswiri amene kafukufuku wake anasonyeza kuti kuderali kukufunika sitolo. Anaimirira n'kuwerama pang'ono. Mayi a ku Mlatho anagwira mbale ya sizasi, akumwetulira ndi mano okha, ndipo podutsana ndi a Dinani anawauza chapansipansi kuti mtengo wawo wa mapeyala wauma.

Pamsonkhano wa mwezi umenewo mayiwo anakhalanso kumapeto kwa tebulo. A Mwachidule anatsika ndi chithunzi mpaka pansi penipeni.

"Ku mlatho! Sitolo yatsopano, penti yatsopano, tenti tinalipira. N'chifukwa chiyani mukugulitsa ngati sitolo yakale?"

A Dinani anagwirabe ntchito pakampanipo mpaka zaka zawo zopumira zitakwana. Mazira analeka kubwera, ndipo kwa mlamu wawo ankapitako okha kukapereka moni, chipewa chili m'manja, makamaka kampani ikamakamba zotsegula sitolo ina. Tsiku lotsanzikana a Mwachidule anayamba kuwayamikira, koma anadzidula okha pakati pa chiganizo, n'kuwapatsa mphatso yokutidwa bwino. Munali tchati la malonda a malata, losindikizidwa pa pepala lonyezimira, m'felemu ya galasi. A Dinani ankafuna lipachikidwe pabalaza, moyang'anana ndi khomo. Akazi awo analizunguza m'manja, n'kuliyeza ndi maso, kenako anakalikhoma m'khonde la kubafa, pomwe pulasitala anagumuka.