Tsiku limene wophunzira wanga anaimirira m'tchalitchi

Nditasiya koleji m'chaka chachiwiri, ndinapeza ntchito yotsuka mbale pa kafe ina ku Shawlands, kuno kwa azungu. Kutchalitchi kwathu, kumene munthu akapanda kukhala injiniya ndiye kuti anabereka injiniya, funso linali lomwelo sabata iliyonse: "Sukulu ikuyenda bwanji, achimwene?" Ndinkayankha kuti ikuyenda. Inkayendadi, kungoti ine munalibemo.

Kenako kukhitchini kunabwera wophika watsopano wochokera ku Italy. Chingelezi cha m'buku ankachidziwa, koma cha pakamwa pa anthu chinkamuzunguza mutu. Tsiku lina anandifunsa tanthauzo la "spill the beans", ndiponso kumene mawuwo anachokera.

Tanthauzo ndinkalidziwa, ndi kuulula chinsinsi. Kumene anachokera, ayi. Koma ine ndinadutsa m'manja mwa aphunzitsi akwathu, amene chibadwire sanatchulepo mawu oti "sindikudziwa" pamaso pa mwana wasukulu. Ndinapukuta manja, ndinakonza kukhosi, n'kumuuza kuti kalekale akazi a ku Govan, dera lina la mumzinda muno, ankabisa makalata a zibwenzi m'thumba la nyemba, ndipo thumba likang'ambika banja linkathera pomwepo. Analemba m'kabuku kake.

Kuyambira pamenepo, nthawi yopuma inali ya phunziro, kuseri pafupi ndi mabini a zinyalala. Za "cold feet" ndinamuuza kuti akwati a kuno ankawaimika pa chipale osavala nsapato, kuti wokayika athawiretu. Analembanso. Anayamba kunditcha professore. Kutchalitchi ndinasintha yankho: "Panopa ndikuphunzitsa." Anthu anayamba kundipatsa moni wa manja awiri, ndipo mkulu wa mpingo anati ndidzabwere naye wophunzirayo.

Lamlungu lina ndinabwera naye. Kwathu mlendo amaimirira, n'kunena dzina, kumene wachokera ndi amene wabwera naye, basi n'kukhala pansi timuombere m'manja. Aliyense amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sindinaganize zomuuza. Iye anamva ngati amupatsa ulaliki.

"Mnzangayu," anatero akundisisita paphewa, "ndi katswiri wa bodza. Chilichonse chimene amandiuza ndimachifufuza pa foni ndikakwera basi. Choona palibe n'chimodzi chomwe. Sabata iliyonse ndimawawerengera mayi anga, amaseka mpaka kutsamwa."

Anatulutsa kabuku kaja n'kuwerenga za nyemba, zonse, mpaka pamene banja likutha. Mpingo unaseka. Mayi wina wa kwaya anagwera paphewa la mnzake. Ine ndinkayang'ana manambala a nyimbo pakhoma ngati adzabwera pa mayeso.

Bodza linali langa, sindikukana. Koma miyezi inayi yonseyo munthuyu ankalemba ndi nkhope ya wolandira mgonero, akudziwa. Akanandiuza pa mabini paja, tikanaseka awiri. Ine ndinkagona ndikukonzekera phunziro la mawa, iye akusungira mayi ake nthabwala.

Pa tiyi mkulu wa mpingo anandipeza pakona.

"Ndiye aphunzitsi, sukulu ikuyenda bwanji?"

"Ndinasiya, abambo. Ndimatsuka mbale."

Anandiwonjezera bisiketi.

Lolemba wophika uja anabwera ndi kabuku kake, akumwetulira ngati sanaphe munthu dzulo lake.

"Professore, nanga 'bite the bullet'?"

"Sindikudziwa."

Anadikira, cholembera chili m'mwamba. Yankho ndinali nalo, labwino kwambiri, la dokotala wa mano wa ku Pollokshields. Ndinatsegula mpopi.

"Mukafufuze pa basi, bambo."