Kanyenyezi ka cha ku Manjawira

Bambo anga anaphunzitsa sayansi kupulayimale mpaka kupuma ntchito. Diso lawo lakumanja linali litachita ng'ala. Lakumanzere ndilo linkaona, ndipo ankaliyeza ndi nyenyezi. Mdima ukangoyamba ankaima kuseri kwa khola n'kuyang'ana kum'mwera, cha ku Manjawira. Kumeneko kuli kanyenyezi koyera, kofooka, kopanda ndi dzina lomwe. Ukakayang'anitsitsa kamasowa, ukakayang'ana cham'mbali kamaoneka. Ndiye bambo ankapendeketsa mutu, chala chili m'mwamba, akulankhula okha.

"Kuyerako n'kutentha," ankandiuza. "Kamatentha kuposa dzuwa, kukula komwe kamaliposa. Kakuoneka kofooka chifukwa kali kutali basi. Tsiku limene ndidzalephere kukaona, udzanditengere kuchipatala."

Ine zinkandinyansa. Ndinali nditabwerera pakhomo ukwati utatha, ndipo anthu ankandinena kale. Tsiku lina kumjigo mayi wina anandifunsa chimene aphunzitsi amalozaloza madzulo. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinati, "Akudikira ndege yawo." Tinaseka tonse, ine n'kusenza ndowa yanga.

Kwathu kuno ndege yoidikira kuseri kwa khola ndi imodzi yokha, ya mfiti. Ndinkadziwa zimenezo, koma ndinkati ndi macheza.

Patapita milungu iwiri mwana wa aneba athu anamwalira atangodwala masiku atatu. Madzulo a tsiku loika maliro, ine ndikutsuka mbale, gulu la anthu linalowa pakhomo pathu. Patsogolo panali malume ake a mwanayo, munthu amene bambo anamuphunzitsa kugwira pensulo, chibonga chili m'manja. Anawapeza bambo pamalo pawo paja, mutu uli chopendekeka.

"Si awo, akuitsitsa ndege ija," anatero wina.

Chibonga choyamba chinagwera pamsana, bambo n'kugwada m'ndowe. Sanakuwe. Ankangoti, "Ndi nyenyezi, ana anga, tayang'anani cham'mbali." Ena anatukuladi mitu n'kuyang'anitsitsa, osaona kanthu, ndipo apo m'pamene zinafika poipa.

"Mwamva? Amaona zimene ife sitiona."

Ndinawalumphira anthuwo. Wina ndinamuluma dzanja mpaka magazi ake anandidzaza m'kamwa. Anandiwomba mbama, n'kundigwetsa, n'kundiponda pamimba. Ndinafuna kukuwa kuti za ndegezo ndinayambitsa ndine, koma ndinachita mantha. Ndili pansi pomwepo ndinaona malume aja akukwezanso chibonga. Chinawagwera bambo kumaso, mbali yakumanzere, n'kumveka ngati akuswa dzungu.

Anatipulumutsa ndi bambo wina wachisilamu, mwini golosale kumsewu, amene anabwera ndi lole yake akuliza hutala, anthu n'kubalalika. Iye yemweyo anatinyamula kupita kuchipatala. Madokotala anawasoka bambo pachipumi, koma diso linali litaphulika.

Nkhaniyo inathera m'malere. Malume aja mpaka lero amagulitsa kachewere pa Nsipe, ndipo ndimadana nawo kuposa munthu wina aliyense, kupatula ine ndemwe.

Tsiku loyamba kuwatulutsa bambo m'nyumba ndinawagwira dzanja mpaka kumsika. Tinadutsa pafupi ndi ndowa za kachewere.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?" anatero malume aja, opanda ndi manyazi omwe.

"Ndaswera bwino, kaya inu, bambo?" anayankha bambo, akuyang'ana kolakwika.

Titapitirira anandikoka dzanja. "Ndani ameneyu? Mawuwa ndikuwadziwa."

Ndinkafuna kutola mwala n'kubwerera. Koma ndikanamutchula, bambo akanafuna kukamufunsa kuti za ndegezo anazimva kwa yani.

"Ndi wogulitsa kachewere chabe, ababa," ndinatero. "Tiyeni, apa pali dzenje."