Tsiku Limene Agogo Anagawa Chuma Ali Moyo

Fungo la fodya wouma m'chigafa likandipeza, ndimaona agogo aamuna, a Gama, akutsika pa ngolo yawo kuchokera kumsika wa Mitundu, fumbi lili mbuu m'ndevu, ng'ombe zikupuma mwaphuma. Tsiku limenelo sanayambe n'kumwa madzi.

"Mwamva? Munthu ukafa, boma limayamba latapa msonkho pa chuma chako, ana n'kumagawana zotsala!"

Aphunzitsi oyandikana nafe anaseka. Anati msonkhowo ndi wa anthu osiya nyumba m'tauni ndi chuma chambiri, osati ngolo ya matayala ophwa.

"Chabwino, boma lili kutali," anatero agogo. "Nanga ana a mlongo wanga? Ali pa Nathenje pompa."

Agogo anali mkamwini m'mudzi mwathu, ndipo mwambo unkati akamwalira, ngolo ndi ng'ombe zipite kwa ana a mlongo wawo, ife tizisenza chimanga pamutu.

Loweruka lake kunali ngati ukwati. Agogo aakazi anaphika thobwa, anthu anadzaza bwalo, a ku Nathenje nawo anaitanidwa n'kupatsidwa mipando yakutsogolo. Kwa iwo agogo anapereka njinga ndi mbuzi, ngolo anapatsa amayi anga, amayi akulira, ntchembere zikululutira. Kenaka anandikodola ine, kamtsikana kopanda nsapato, n'kundigwiritsa chingwe cha kang'ombe kakakazi konunkha mkaka.

"Mkazi wanga, gwira. Anthuni, mwaona ndi maso anu. Chopatsa dzanja lili lofunda sachilanda."

Kang'ombeko kanandikoka mpaka ndinagwa m'fumbi, koma chingwe sindinataye, bwalo lonse likufa nako kuseka.

Agogo sanafe msanga. Anakhala zaka zambiri, m'mawa uliwonse akuima pakhomo pathu, chipewa kumanja: "Odi, eni ngolo, mungandibwereke?"

Nditakwatiwa, nkhaniyi ndinkawasimbira amuna anga mpaka inawalowa. Asanadwale n'komwe anaitana abale awo ndi ankhoswe, anagawa zogawa, ndipo ng'ombe ndi makina osokera anandipatsa ine pamaso pa onse.

Chaka chatha amuna angawo tinawaika m'manda. Titasesa, alamu anga aakulu anaima pakhola nthawi yaitali akuyang'ana ng'ombe. Kenaka anavula chipewa.

"Alamu, mvula ikagwa mudzandibwerekeko ziwirizi."

Ndinawabwereka.