Masamba a mango pa gudumu la ndege

Lachiwiri lapitali ndinali kutchetcha udzu pa bwalo la ndege kuno ku Foti Jemisoni, ntchito yokhayo imene sukulu yothera Sitandade 5 inandipezera. Kandege ka azungu olima fodya kanabwera kudzatera, katatsika kwambiri. Woyendetsa anali wophunzira, mlimi wa cha ku Chiparamba, mphunzitsi wake ali pambali. Ndinaona ndi maso angawa gudumu likumweta nsonga ya mtengo wa mango umene uli kumapeto kwa bwalo.

Kuseri kwa mtengowo kuli nyumba ya alongo anga, a Tisiyenji. Ali ndi ana atatu.

Ndege itaima, awiriwo anatuluka akuseka. Chizungu ndimachimva. Mphunzitsi anamuuza kuti watera bwino kwambiri, sabata yamawa auluka yekha. Ine ndinazula masamba amene anakanirira pa gudumu n'kuonetsa mphunzitsiyo.

"Bwana, awa sanamere pamenepa."

Anawayang'ana pang'ono, n'kundifunsa ngati pafa munthu. Anati iye wauluka zaka zambiri, ndipo wophunzira wakeyu amam'dziwa, ali ndi dzanja labwino. Wophunzirayo anati sanamve kugunda kulikonse.

Akadamva bwanji? Makutu anali atadzaza kale ndi chitamando.

Taonani nzeru zake, owerenga. Aka n'kachitatu munthuyu kutsika chotere. Kwa ine, kupulumuka katatu ndi machenjezo atatu. Kwa iwo ndi umboni wakuti akuchita bwino. Mphunzitsi anagamula tsiku loyamba kuti uyu ndi katswiri, ndiye diso lake limangotola zogwirizana ndi maganizo akewo. Mwayi akuutcha luso.

Musaseke azungu okha. Dalaivala wa lole ya ku Lusaka, amene amatsetsereka mapiri a ku Luangwa mabuleki atatha, amanena zomwezo: dzulo ndinafika. Ndipo ife timakwera, n'kumutamanso kuti ndi dolo.

Amati wakutsina khutu ndi mnansi. M'Chitaganya muno, mmene akulamula azungu, amayamba ayang'ana khungu la zala zotsinazo. Masamba omwewo akadawatola mzungu mnzawo, kodi akadafunsidwa za maliro?

Lachinayi yankho linafika. Kapitawo wa pabwalo anandipatsa nkhwangwa. Anati bwana alamula kuti mtengo udulidwe chifukwa ukusokoneza ndege. Za wophunzira kubwereza maphunziro sanatchule. Wolakwa ndi mtengo.

Ndinakana, ndipo chikwakwa chawo ndinawasiyira pomwepo. Anadula ena.

Dzulo ndinapeza alongo anga akutola mango aawisi m'nthambi zakugwazo. Anandifunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti tsopano ndege ziziuluka m'mwamba?"

Mtengo uja ndiwo unkakakamiza wophunzira uja kukweza ndege, ngakhale pang'ono. Sabata ino auluka yekha, atauzidwa kuti salakwa. Ndiuzeni inu ophunzira kundiposa: gudumu lija likadzatsikanso, tidzazulapo chiyani, udzu wa padenga?