Achimwene a Wongani sanagwidwe

Pepani akuluakulu kuti wamng'ono ndalemba pano, koma mukamva zoti achimwene a Wongani agwidwa ku Joni, musadandaule. Ali bwinobwino.

Dzulo masana amama ankaonera sewero lawo la pa TV. Mnyamata wa m'seweromo, amene amamutcha "mwana wanga", apolisi anamugwira chifukwa chosowa mapepala. Pomwepo adada anasintha n'kuika tenisi, amvekere, "Amubweze kwawo, lamulo ndi lamulo." Amama anati, "Mungadziwe chiyani inu, woonera anthu awiri akukanirana kampira?"

M'mawa uno kumunda ku Hara, amama anadandaulira anzawo kuti mwana wawo wagwidwa, adada sizikuwakhudza.

Masana amayi a kumpingo afika atasenza mpunga ndi nkhuni kudzapepesa. Amayiwo awakhazika adada pakati n'kuwalangiza za chikondi cha kholo, mpaka adada apepesa osadziwa mlandu. Amama sanafotokoze msanga, poti sewero linali litayamba. Zoona zake zadziwika mnyamatayo atamasulidwa, amama akuimba nthungululu.

Nkhani yatha lero Lachinayi, koma adada akukaniza mpungawo, ati awakalipira mokwanira. Tibweze kapena tiphike?