Chisanu Chimene Chinawaula Dimba la Amai

Kwathu kwa Nyalugwe, kuchigwa cha Luangwa, nyengo yozizila tinkangoidziwa dzina. Anthu ankati kwazizila akaona munthu wafunda chitenje m'mawa, ndipo dzuwa likangokwela pang'ono chitenjecho chinkabwelela m'chiuno. Bulangete ndinaliona koyamba ndili ndi zaka zisanu ndi zinai, ndipo ndinkayesa kuti ndi chofunda cha odwala.

Inali nthawi ya Chitaganya, atate ali kumigodi. Chaka chimenecho mtsinje unasefukila n'kukokolola mapila athu onse, ndipo atate analemba kalata yoti tikakhale kwao kumtunda, kufupi ndi Petauke, kumene kunali sukulu. Kwathu mwamuna ndiye amakhala kwa mkazi, choncho amalume, mlongo wao wa amai, sanakondwe nazo. Analola, koma anati, "Pitani. Ndikadzangomva kuti mlongo wanga akudyetsa ana zopatsidwa, ndibwela kudzam'tenga." Amalume sanali munthu wonena kawili.

Tinayenda masiku awili kukwela mapili, amai atabeleka khanda, ine nditagwila mng'ono wanga Tiwine padzanja. Milambe ndi thukuta tinazisiya m'munsi. Pofika pakati pa phili kamphepo kanayamba kulowa m'makutu, ndipo pa Kacholola, pamene tinadikilila lole, ndinaona akuluakulu akuotha dzuwa ngati abuluzi. Amai anandiuza kuti dziko ndi mmene linapangidwila, ukamakwela kumazizila, ukamatsika kumatentha. Sananame ai, ulendo wonsewo unali umboni.

Kumudzi anatilandila ndi azakhali aTikambenji, mlongo wao wa atate. Anali munthu wa mtima wabwino, koma pakamwa panali tsabola. Anatigawila chimanga cha atate chimene chinatsala m'nkhokwe, chokwana mpaka mwezi wa Ogasiti, kenaka n'kumatiseka m'mawa uliwonse tikamanjenjemela pakhonde. Amai nawo anali ndi khalidwe lao. Kupempha sankakudziwa, ngakhale mchele weniweniwu.

Kuchigwa, madzi akaphwa mwezi wa Meyi, anthu amabzala chimanga, maungu ndi nyemba pamatope a m'mphepete mwa mtsinje, ndipo pofika Ogasiti akukazinga mondokwa. Amai anaona kuti njila yotipulumutsila ndi imeneyo. Anafunafuna malo kudambo, ndipo anasankha pansi penipeni, pafupi ndi kamtsinje, pa dothi lakuda pamene panalibe wolima. Madimba a eni mudzi anali chakumtunda, m'mbali mwa dambo, ndipo nyengo imeneyo munali mpilu ndi kabichi basi. Amai anangoti anthu akuno ndi aulesi, akuopa matope.

Azakhali anatipeza tikubzala, anaima manja ali m'chiuno.

"Alamu, pamenepo sipabzalidwa chimanga mwezi uno. Chisanu chimagona pamenepo. Dikilani Ogasiti."

"Chisanu chimakhala pamwamba, alamu," anayankha amai osawelamuka. "Ine ndachokela pansi, ndikudziwa. Ndipo ana sangadikile Ogasiti."

"Chabwino, tione nzelu za kuchigwa," anatelo azakhali, n'kuseka.

Mpaka lelo ndimati akanapanda kuseka, mwina amai akanamva.

Ine ndinkadziwa kuti azakhali akunena zoona, chifukwa njila ya kusukulu inkadutsa m'dambo lomwelo. Mudzi unali pamtunda, ndipo kuzizila kwa pamenepo kunali kopililika. Koma ukamatsika, nkhungu itayala m'dambo, mphepo yake inkagwila miyendo ngati walowa m'madzi. Zala za kumapazi zinkasiya kukhala zako. Anzanga ankanyamula timiyala totentha atakulunga m'masamba, n'kumasinthila dzanja ili ndi ilo. Ukakwela tsidya linalo, mpweya wofunda unkakulandila kumaso dzuwa lisanatuluke n'komwe. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza amai zimenezi.

"Iwe, mapazi ako akhala aphunzitsi liti?" anatelo. "Tenga chikho ukathilile."

Ndinatenga chikho n'kukathilila. Ndipo kunena zoona, dimbalo linakongola. Chimanga chinandifika m'chiuno, chobiliwila bii, maungu anayanga mpaka kumalile, nyemba zinayamba maluwa. Amai ena a m'mudzi ankapatuka pochokela kotunga madzi kudzaona, ndipo azakhali anachepetsa mau. Amai anayamba kuimba popalila, chinthu chimene sindinachimve chichokeleni kwathu.

Kuchiyambi kwa Julayi kunaomba mphepo ya kum'mwela masiku atatu, kumwamba kuli mitambo yotuwa. Tsiku lachinai mphepo inaleka, kumwamba kunayela mbee, ndipo dzuwa litapendeka utsi wa m'makhitchini unkakwela chilili. Ine ndinasangalala kuti kuzizila kwatha. Azakhali anayang'ana kumwamba, anayang'ana kudambo, n'kunena motsitsa mau kuti, "Mailo kuli ntchito." Sanaseke tsiku limenelo.

M'mawa mwake udzu wa m'dambo unali woyela ngati wina wawazapo mchele, ndipo unkalila tswatswa ukauponda. M'chikho chimene ndinaiwala kudimba munali madzi ouma pamwamba ngati galasi. Ndinathyola kachidutswa n'kulawa, ndipo ndinadabwa kuti sikakoma kanthu. Mbeu zonse zinali chiimile, zokongola ndithu, ndipo ndinathamangila kusukulu ndili ndi nkhani yokauza anzanga.

Pobwela masana ndinamva fungo ndisanafike, fungo la ndiwo zamasamba zimene zapsa kwambili. Masamba a maungu anali akuda, ogona pansi ngati ofutsa. Nyemba zinali zitafota zonse. Chimanga chinasanduka chotuwa, masamba atalendewela. Mapazi makumi awili okha chakumtunda, mpilu wa azakhali unali wobiliwila ngati palibe chachitika. Amai anali ataima pakati pa dimba, khasu lili m'manja, khanda likulila kumsana, iwo osalimva. Ndinachita mantha kwambili, chifukwa ndinali ndisanaonepo amai akusowa chochita.

Chimanga cha m'nyumba chinatha mu Ogasiti monga tinkadziwila. Azakhali anabwela ndi dengu lodzaza, osapemphedwa, ndipo analiika pakhomo mwakachetechete. Amai anagwada n'kuthokoza, koma nkhope yao inali ya munthu amene akulandila uthenga wa malilo. Nkhani siigona panjila. Mwezi wotsatila amalume anatulukila, fumbi lili mpaka m'maondo.

Amalume, azakhali ndi amai anakambilana tsiku lonse pansi pa mtengo wa msuku. Anagwilizana kuti amai atsike ndi Tiwine ndi khanda, ine nditsale ndi azakhali chifukwa cha sukulu, mpaka mvula itagwa. Mvula inagwa, inagwanso chaka china. Atate ankalemba kuti mkazi akwele, amalume ankayankha kuti mwamuna atsike, ndipo ukwati unathela m'makalata momwemo. Amai sanakwelenso mapili aja. Amaiwo ndinkawaona patchuthi, mwina kamodzi pachaka, ngati mlendo. Amene anandilela, kundilanga nditakula ndi kundipelekeza ku ukwati anali azakhali aTikambenji, ndipo ndinawakonda, tsabola wao yemwe.

Chaka chatha ndinapita kumudzi kuja mwezi wa Julayi. Mitengo ya m'mapili inatha ndi makala, kamtsinje kanasanduka mchenga, ndipo nkhungu m'dambo siyalanso monga kale. Pamalo penipeni pamene amai anabzala, mdzukulu wa azakhali, mai wa ana atatu, amalima tomato ndi chimanga nyengo yonse yozizila, akuthilila ndi pampu. Ndinam'funsa ngati saopa chisanu.

"Chija choyela, amai? Timangomva kwa inu akuluakulu," anatelo, n'kundithyolela mondokwa zinai.

Ndinazilandila ndi manja awili, koma mtima unandiwawa. Amai sanalakwitse malo, anangobwela msanga. Kukanakhala monga kulili lelo, ndikanakula ndili nawo.