Tiyi wa ku China ndi Mchele wa Mng'ono Wanga

Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathila mchele m'ndiwo, amapempha wina amuthilile. Ndiye nyumba yonse imadziwa za m'thupi mwako popanda kukufunsa. Mng'ono wanga atakwatiwa ku Nyimba, apongozi ake aakazi ankakhala pakhomo pa khitchini ngati mlonda, maso ali pa mchele.

Mwanayo vuto anali nalo kuyambila kale. Kumwezi ankapita mwa apo ndi apo, tindevu tikumela pachibwano, thupi likungonenepa. Kuchipatala ku Petauke atamuunika anati kochokela mazila kuli timatuza tambilimbili, mazila sakukhwima bwino. Anamupatsa mapilitsi n'kumuuza kuti apilile, ambili otele amabeleka. Koma mwamuna wake anali atayamba kale kumvela abale ake, oti mkazi wosabala amangotha ufa.

Ndiye kunabwela kabambo kena ka tayi, n'kuika tebulo pokwelela minibasi. Ndimakanyoza mpaka lelo. Ku China sikanapondeko, zilembo za pa mabokosi ake sikankatha kuwelenga, koma pakamwa ngati wailesi. Kankakugwilitsa kachitsulo, n'kumayang'ana pa laputopu kakupukusa mutu. Kanauza mng'ono wanga kuti mazila ake agona, tiyi wa mizu ya ku China awadzutsa, bola asiye mapilitsi chifukwa ziwilizi sizigwilizana. Mankhwala enieni a Atchaina sindiwadziwa, mwina othandiza alipo. Ine ndikunena mbava iyi.

Mng'ono wanga anasiyadi mapilitsi. Kumwezi kunasiyilatu, tiyi uja n'kumamuchititsa nselu m'mawa uliwonse. Mchele ankathila yekha mwezi ndi mwezi, apongozi akuwelenga chamumtima. Kumufunsa ayi. Anangoitana alangizi kudzamulanga za pakati, kumuletsa kudya mazila ndi kuima pakhomo, mwamuna n'kugula chitenje chobelekela. Mwiniwake nayenso anakhulupilila kuti ali ndi pakati. Wokayika ndinali ine ndekha.

"Asisi, musandilodze ndi pakamwa panu," anatelo nditamuuza kuti tipite akamuunikenso.

Tinapitabe. M'mimba munalibe mwana, timatuza tomwe tija basi. Pobwelela ndinaima pa tebulo paja kuti ndikatukwane kabambo kaja, koma ikoko kanangoti tiyi wayamba kugwila, tiwonjezele bokosi lina. Galu ali ndi manyazi kuposa munthu uja.

Mng'ono wanga anayambilanso mapilitsi, koma kuulula kunyumba kunamukanika. Ndinatsala naye kuti ndimuthandize kunena, koma nanenso zinandikanika. Tsiku lina akuphika ndiwo za chibwabwa, apongozi ali pamalo pawo paja akuswa nshawa, mng'ono wangayo anatenga mchele, n'kukagwada pamaso pawo.

"Amai, mundithilileko m'ndiwo."

Apongozi anayang'ana mchelewo, n'kuyang'ana mimba yake. Anadzuka, anathila, n'kukakhalanso pa nshawa zawo. Kutacha tinapeza chikwama cha mng'ono wanga chili pakhomo atamulongedzela kale, chitenje chobelekela chija atachipinda bwinobwino pamwamba.